Kwathu ku Chisepo fupa silikhalitsa

Kwathu ku Chisepo fupa silikhalitsa. Mbuzi ikaphedwa pa ukwati kapena pa maliro, akuluakulu amadya mnofu, ana amayamwa zotsala, galu amalanda fupalo n'kuthawira nalo kuseri kwa nkhokwe, ndipo chimene galu wasiya fisi amadzatola usiku. Likapulumuka pamenepo limakumana ndi dzuwa la October, moto wa lupsa, mvula ya dzinja ndi dothi lathu la katondo, limene limadya fupa pang'onopang'ono monga momwe dzimbiri limadyera khasu loiwalika m'munda. Pakatha zaka zowerengeka palibe angaloze kuti apa padagwa mbuzi.

Alimi akamagalauza kapena kukumba zitsime m'madimba amafukula zinthu ndithu. Amapeza mapale a mbiya zakale okhala ndi mphini zimene amayi a lero sadziwa kutema. Amapeza nthale zotsala pamene makolo ankasungunula chitsulo, nthawi zina mwala wobulungira woboola pakati umene akulu amati udali wa Akafula. Komatu zonsezi n'zadzanadzanali tikaziyerekeza ndi msinkhu wa dziko. Fupa la chilombo chimene chidayenda anthu asanakhaleko, limenelo khasu la ku Chisepo silidaligundepo.

Chonsecho m'dziko lomwe lino, ulendo wa tsiku limodzi pa basi kulowera kumpoto, muli malo amene mvula ikagwa mafupa a zaka zoposa 100 miliyoni amasuzumira m'zigwembe. Mafupawo adasanduka miyala. Ukalinyamula limodzi limalemera ngati mphero, koma maonekedwe ake ndi a fupa ndithu: la msana, la mwendo, la nthiti.

Kuti fupa lisanduke mwala pamafunika mwayi waukulu. Nyama ife pafupi ndi mtsinje kapena nyanja, ndipo madzi osefukira aikwirire msanga ndi matope kapena mchenga, zodya mitembo zisanafike. Pamwamba pake paunjikane matope ena, chaka ndi chaka, mpaka a pansiwo alimbe n'kukhala thanthwe. Madzi oyenda pansi pa nthaka amalowa m'timabowo ta fupalo n'kusiyamo mchere wa m'miyala mpaka fupa kuti gwa. Kenaka pafunikanso mwayi wachiwiri, woti nthaka ikokoloke, chobisikacho chionekere, ndipo padutse munthu wa maso. Chigwa chachikulu mmene muli nyanja ya Malawi chidapangika pamene nthaka idang'ambika n'kutitimira, ndipo m'mphepete mwake, ku Karonga ndi ku Chiweta, mudatsalira miyala ya matope ndi mchenga yotereyi, imene mvula ikuisenda tsopano ngati chinangwa.

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene timawaona tikayang'ana kum'mawa, ali ndi mbiri ina. Miyala yake ndi ya maziko enieni a dziko lino, ya zaka zoposa 500 miliyoni, nthawi imene pamtunda padalibe nyama ya mafupa ngakhale imodzi. Kuwonjezera apo idaphikidwa ndi kutentha kwa pansi pa nthaka, idapsinjidwa mpaka kupindikapindika. Phwanyani mwala wa kwathu muone mizere yoyera ndi yakuda yokhotakhota m'kati mwake. Chilichonse chimene chidali ndi maonekedwe mmenemo chidafufutika kalekale. Tsono ife tili ndi miyala yakale kuposa ya ku Karonga, koma yosakumbuka nkhope ya chamoyo chilichonse.

Tisaganize kuti kuwerenga miyala kudabwera pa sitima. Agogo anga aakazi ankatisimbira za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene Chauta adatsikira pamodzi ndi mwamuna ndi mkazi oyamba ndi nyama zonse, mvula ikugwa. Ankati thanthwe lidali likadali lofewa, n'chifukwa chake mapazi a anthuwo ndi a nyamazo adatsala pomwepo, pamodzi ndi zizindikiro za khasu, lichero ndi mtondo. Katswiri wa miyala akhoza kunena kuti maenje a pathanthwe lotere amakumbidwa ndi madzi ndi mphepo. Koma taonani maganizo amene ali pansi pa nkhaniyo: mwala udali wofewa, chamoyo chidapondapo, mwalawo udalimba n'kusunga umboni. Maphunziro onse a mafupa osanduka miyala aima pa maganizo omwewa.

Ku Ulaya maphunzirowa adayamba kukhwima zaka 200 zapitazo, ndipo m'modzi mwa amene adawapatsa zoti aphunzire adali Mary Anning, mwana wa kalipentala wosauka wa ku Lyme Regis, m'mphepete mwa nyanja ku Mangalande. Mu 1811 ndi 1812, ali ndi zaka 12, iye ndi mlongo wake Joseph adafukula chilombo cha m'nyanja chooneka ngati chinsomba chokhala ndi mano a ng'ona. Moyo wake wonse ankayenda pansi pa maphompho ogumukagumuka, kutola mafupa n'kugulitsa kwa abambo ophunzira, amene ankalemba za mafupawo kawirikawiri osamutchula. Bungwe la akatswiri a miyala la ku London nthawi imeneyo silinkalola akazi. Mawu akuti dinosaur, amene tanthauzo lake ndi buluzi woopsa, adawapanga a Richard Owen mu 1842, ndipo Mary adamwalira mu 1847. Chiyambire, ntchito imeneyi yakhala ndi magulu awiri: otola ndi otcha maina.

Kuno kwathu nkhaniyi idayamba ndi a Henry Drummond, mphunzitsi ndi mlaliki wa ku Scotland, amene adayenda m'dziko lino mu 1883. Pafupi ndi Karonga adapeza mamba a nsomba ndi tizigoba ta nkhono m'miyala, ndipo adalemba za ulendowo m'buku lawo la Tropical Africa mu 1888. Zimenezo zidali ting'onoting'ono. Chimene chidagwedeza dziko chidachitika kutsidya kwa malire, ku Tendaguru, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, apo n'kuti likulamulidwa ndi Ajeremani.

Cha m'ma 1907 mzungu wina wofufuza za migodi, Bernhard Sattler, adaonetsedwa mafupa akuluakulu ndi munthu wa komweko. Kuyambira mu 1909 mpaka 1913 Ajeremani, motsogozedwa ndi Werner Janensch ndi Edwin Hennig, adakumba malowo. Ndati Ajeremani adakumba, koma makasu adali m'manja mwa anthu akuda mazanamazana, m'dera limene n'kuti langosakazidwa kumene ndi nkhondo ya Maji Maji ndi njala imene idatsatira. Mafupa ankakutidwa ndi dongo kapena pulasitala, ankamangidwa m'nsungwi, ting'onoting'ono tinkaikidwa m'zigoba za malambe. Kenaka amtengatenga ankasenza pamutu kapena pamtembo wa anthu angapo, ulendo wa masiku anayi mpaka ku doko la Lindi. Katundu yense adafika pafupifupi matani 250. Chilombo chimene chidatuluka mmenemo chaima mpaka lero ku Berlin, mutu wake uli mamita 13 kuchokera pansi. Kapitawo wamkulu wa ntchitoyo, Boheti bin Amrani, amene ankadziwa kupeza fupa ndi kulifukula osaliswa, dzina lake lidadzaikidwa pa dinosaur mu 2007, patatha zaka pafupifupi 100. Maina a Sattler ndi a munthu amene adapereka ndalama, Hansemann, adali ataikidwa kale mu 1914.

Ku Zambia kudachitika zofanana. Pa 17 June 1921, mu mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, kudapezeka chigaza cha munthu wamakedzana, chimene ofufuza adati mu 2020 chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mabuku amatchula Tom Zwigelaar wa ku Switzerland ngati wochipeza, ndipo amangoti adali ndi wantchito wachikuda. Poti migodi ya kumeneko idadzaza ndi amuna ochokera mbali zonse, ndi a ku Nyasaland omwe, munthu ameneyo aliyense wa ife akhoza kumuyesa mbale wake. Chigazacho chili ku London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere.

Nkhani ya mafupa a ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, idamveka mu 1924 ndipo idafika kwa a Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la atsamunda. A Dixey adali munthu wolimbika, tisawanamizire. Adayenda dziko lino wapansi, kujambula mapu a miyala, ndipo ndi omwewo adalimbikira ntchito yofufuza madzi ndi kukumba zitsime. Ku Chiweta, pansi pa phiri la Livingstonia kumene kuli malasha, adatola mafupa a nyama za zaka zoposa 250 miliyoni, zakale kuposa ma dinosaur, za mtundu umene pambuyo pake mudachokera nyama zoyamwitsa. Ku Mwakasyunguti adatola a dinosaur. Zonsezi adazitumiza ku South Africa kwa a Sidney Haughton, amene mu 1928 adalemba za chilombo cha ku Karonga n'kuchitcha Gigantosaurus dixeyi. Mawu achiwiriwo atanthauza kuti cha Dixey. Mafupa oyambawo akusungidwa ku Cape Town. Mu 1930 a Frederick Migeod ndi a Rex Parrington, otumidwa ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku London, adabwera kuchokera ku Tendaguru kudzayesa mwayi, koma sadapeze zambiri. Kenaka kudati zii kwa zaka zoposa 50.

Zonsezi ndidazimva bwino nditapita ndekha ku Karonga, ku nyumba yosungiramo zakale imene idatsekulidwa mu 2004. Ukangolowa umakumana ndi chithunzithunzi cha mafupa a chilombocho, chotalika mamita 12, khosi ngati mlongoti, mchira wautali, kamutu kochepa. Chinkadya masamba, sichinkadya nyama, koma ndidaima patali ndithu. Nditabwerera kumudzi ndidakaonetsa zithunzi kwa amalume anga, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo sameza nkhani asanaitafune.

“Mwati chimenechi chidali cha kuno ku Malawi konkuno?”

“Eee, amalume. Ku Karonga.”

“Nanga zaka mamiliyoni mukunenazo adawerenga ndani, mphwanga? Adalipo?”

Ndidayesa kuwafotokozera monga ndidamvera. Miyala ya matope imasanjikizana ngati fodya m'belo: wapansi ndiye adalowa poyamba. M'phulusa la mapiri ophulika muli tinthu timene timasintha pa liwiro lodziwika, kotero kuti akatswiri akayeza kuchuluka kwa tosinthato amadziwa pamene phulusalo lidagwera. Pamene palibe phulusa amafananitsa nyama zimene zapezekapo ndi za kwina kumene zaka zidayezedwa kale. Amalume adamvetsera, adagwedeza mutu, sadavomere koma sadatsutsenso. Adati kwa Chauta zaka si kanthu, ndipo ngati adafuna kuweta abuluzi asanawete anthu, ndani akadamuletsa? Kenaka adayang'ananso chithunzicho nthawi yaitali.

“Koma chimenechi n'cholemera. Adachinyamula ndani kuchichotsa kuthengoko?”

Funso limeneli ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. Munthu amene wasenzapo thumba la feteleza kuchokera pa msika mpaka kumudzi, akaona chinthu chachikulu amayamba waganiza za khosi la wonyamula. M'zaka za a Dixey mzungu wa boma akati ulendo, ndiye kuti panali mdipiti wa anthu: wosenza hema, wosenza bokosi la zakudya, wophika, wotunga madzi, womasulira, wodziwa njira. Ndipo asanafike mzungu aliyense, abusa a ng'ombe a ku Karonga ankadutsa m'zigwembe zomwezo tsiku ndi tsiku. Mlendo sangoloza chigwembe chimodzi mwa zigwembe zikwi n'kuti apa pali fupa. Wina amamulozera. Koma pa nyama zimene zidatchedwa maina m'zaka zimenezo timawerengapo Dixey, ndi Dixey yemweyo: Chiwetasaurus dixeyi, Dixeya quadrata, Gigantosaurus dixeyi.

Amalume sadafunse funsolo mwangozi. Agogo awo aamuna adagwidwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna zikwizikwi a dziko lino adasenzetsedwa zipolopolo ndi ufa wa asilikali. Adalowera kumpoto komweko. Adabwerako atatupa miyendo, ndipo sadalimenso. Manda a azungu amene adafa pa nkhondo ya ku Karonga pa 9 September 1914 alipo mpaka lero, maina awo olembedwa pamiyala, Angelezi ndi Ajeremani omwe. Koma m'banja mwathu munthu amene adasenza katundu wa nkhondo yomweyo timangomutcha a Phiri aja adapita ku Chiwaya. Dzina lawo lenileni lidapita ndi amene ankalidziwa. Ndikaganiza kuti mwina adapondapo pa nthaka imene pansi pake pagona chilombo chija, ndimaona kuti buluzi wa zaka 100 miliyoni ali ndi dzina, nambala ndi nyumba, pamene munthu wa zaka 100 zokha zapitazo watsala mfunda wokha.

Zinthu zidasintha ndithu, ndipo tiyenera kuvomereza. Mu 1984 a Louis Jacobs a ku Southern Methodist University ku Dallas, m'dziko la America, adafika ku Mwakasyunguti, ndipo m'zaka zotsatira adakumba mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zamakedzana. Ulendo uno mafupa adalembedwa kuti ndi katundu wa dziko la Malawi, ndipo lamulo lathu sililola kuti zinthu zotere zituluke m'dziko popanda chilolezo cha boma. Mu 1993 gululo lidaonetsa kuti chilombo cha a Dixey chidali cha mtundu wakewake, ndipo lidachitcha Malawisaurus dixeyi. Dzina la a Dixey lidatsalapo chifukwa lamulo la akatswiriwa limati dzina loyamba la mtundu wa nyama silifufutidwa. Mwa anthu anayi amene adalemba nkhaniyo mudali Mmalawi, mayi Elizabeth Gomani, amene pambuyo pake adatenga digiri ya udokotala pa maphunziro omwewa.

Mayi Gomani atapeza danga lotcha okha maina, taonani zimene adachita. Mu 1997 adalemba za kang'ona kakang'ono, kosafika ndi mita imodzi yomwe, kamene kankakhala pamtunda ndipo mano ake a m'mbali adali otafunira ngati a nyama zoyamwitsa. Adakatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis, ndiye kuti ng'ona ya ku Malawi ya kwa Mwakasyunguti. Mu 2005 adatcha dinosaur wina Karongasaurus. Lero mwana wa sukulu ku Japan kapena ku Brazil amene akuphunzira za ng'ona zakale ayenera kupinda lilime mpaka atchule Mwakasyunguti. Ine zimenezi zimandikomera, abale.

Ku Uraha, m'boma lomwelo la Karonga, gulu la a Friedemann Schrenk ndi a Timothy Bromage lidapeza mu 1991 nsagwada ya munthu wamakedzana wa mtundu wa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu umene ife tidachokeramo. Zaka zake adazidziwa pofananitsa mano a nguluwe zakale za pamalopo ndi a ku Kenya ndi Ethiopia. Ndipo apa dzina la amene adaiona ndi maso ake n'kuitola lidalembedwa: Tyson Msiska. Kulemba dzina limenelo sikudatengere aliyense ndalama kapena ulemu. Kudangofunika munthu woganiza kuti wotola nayenso ndi munthu wa m'nkhaniyo.

Tsono n'chapafupi kuloza chala azungu a kale n'kuthera pomwepo. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ikutikhudza ife eni ake. Ife Achewa dzina timalibisa. Mwana satchula dzina la bambo wake, mkazi satchula la mwamuna wake. Timati a Phiri, a Banda, a Nambewe, a Nabanda, kapena make uje, bambo a uje. Ndi ulemu, ndipo ndi wabwino. Ine sindingaime pabwalo n'kuitana amalume ndi dzina lawo ngati mnzanga wa ku ubusa. Koma ulemu womwewo, ukakhala wopanda cholembera pambali, umadya maina. Munthu akamwalira, amene ankadziwa dzina lake ndi a msinkhu wake okha, ndipo iwowo akatsatira, kwatha. Nthumbira imaphwa, mtengo wobzalidwa kumutu umagwa, adzukulu amangoloza ndi mlomo kuti cha apo. Funsani mwana wa Sitandade 8 ku Chisepo dzina la agogo a amayi ake, mumve. Funsani amene adaumba njerwa za sukulu imene akuphunziramo, kapena amene adakumba chitsime choyamba cha m'mudzi mwawo. Adzakuuzani dzina la bungwe limene lidalembedwa pa chikwangwani.

Nkhani ya mafupa yandiphunzitsa kuti chimene chimatsala si chachikulu kapena champhamvu. Ma dinosaur osawerengeka adafa osasiya kanthu. Adatsala ndi ochepa aja amene matope adawapeza msanga. Kang'ona ka ku Mwakasyunguti kadatsala, pamene zilombo zina zazikulu kuposa njovu zidatheratu psiti. Chimodzimodzi ndi anthu. A Dixey tikuwadziwa chifukwa adali pafupi ndi pepala. Agogo athu a ku Chiwaya adali kutali nalo.

Ndipo sikuti kuno ku Dowa tilibe chitsanzo. A Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed wa boma lathu lomwe lino, adaona zimenezi kale. Adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphotho mu 1933, adalemba Mbiri ya Achewa, ndipo adalembanso Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi. Adayenda kwa nkhalamba, kufunsa, kulemba. Mafumu a msinkhu wa Msyamboza adalipo ambiri, ena mwina anzeru kuposa iye, koma amene tikumuona nkhope lero ndi amene adakumana ndi cholembera cha a Nthara. Paja akulu adati safunsa adadya phula; ife kusafunsa kwathu kukudyetsa chiswe mbiri ya makolo athu.

Ndidati miyala ya kwathu siyikumbuka nkhope ya chamoyo chilichonse, koma pali chimene idasunga. Kuno kuchigawo chapakati, monga ku Malingunde ndi kwa aneba athu ku Kasiya, m'nthaka muli graphite, mwala wakuda wofewa uja umakhala m'kati mwa pensulo. Akatswiri amati graphite wa m'miyala yotere kawirikawiri adachokera ku tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi a kalekale, timene tidakwiririka m'matope, tidaphikidwa, tidafinyidwa, mpaka kutsala kuda kokhakokha. M'zaka zaposachedwapa makampani akunja akhala akuboola nthaka ku Kasiya kuyeza chuma chimenechi. Akuboolawo, akunyamula matumba a dothi, akulozera alendo malire a minda, ndi ana a konkuno. Funso la amalume likadali pomwepo: nanga mbiri ya zimenezi ikadzalembedwa, iwowa adzatchulidwa?

Sindikupempha boma kuti limange nyumba yosungiramo zakale pa Chisepo, ngakhale zikadakhala bwino kuti ana a sukulu za kuno azipitako ku Karonga, akaone okha kuti dziko lawo lidayamba kale Sitandade 1 isanayambe. Chimene ndikupempha n'chotsika mtengo. Aphunzitsi atume ana kwa agogo awo ndi kope ndi pensulo. Alembi a mipingo ndi a mafumu akamalemba za chitukuko alembe ndi amene adaponda dothi, osati mlendo wolemekezeka yekha. Munthu akafukula mbiya yakale kapena mwala wachilendo m'munda, asauswe kapena kugulitsa kwa wodutsa. Adziwitse a mfumu ndi a boma, ndipo aumirire kuti dzina lake ndi la mudzi wake zilembedwe pambali pa chinthucho. Ifenso olemba m'nyuzipepala tisiye chizolowezi chongoti anthu a m'mudzimo, ngati kuti anthuwo adabadwa opanda maina.

Ine ndayamba ndi pakhomo pathu. Ndili ndi kope la masamba 80, ndipo ndikapita kumudzi ndimakhala pansi ndi okalamba amene atsala. Ntchitoyi si yophweka, chifukwa kufunsa munthu wamkulu dzina la kholo lake kuli ngati kumuvula chipewa pagulu. Azakhali ena adandibweza, amvekere, “Iwe, ukufuna ukalembe m'nyuzi kuti anthu azikulungira usipa dzina la amayi anga?” Ndidawalonjeza kuti kopelo silituluka m'banja, ndipo n'chifukwa chake simuona dzina ngakhale limodzi pano.

Amalume ndiwo adavuta kwambiri. Masiku awiri ankangozemba, lero akuti akupita kudimba, mawa akuti kuli msonkhano wa madikoni. Tsiku lachitatu madzulo adandiitana okha kuseri kwa chigafa cha fodya, adathamangitsa ana amene ankasewera pafupi, adayang'ana uku ndi uku.

“Tsekula bukulo. Koma ulembe bwino, usalakwitse zilembo.”

Adatchula dzina la mayi awo motsitsa mawu, kenaka la mayi a mayi awo, kenaka la mudzi umene adachokera asanasamukire kuno. Adandiuza kuti ndiwerenge zimene ndalemba, ndipo ndidawerenga. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati kutsidya kwa Bua kuli nkhalamba ina imene mayi ake adali mlongo wa a Phiri aja a ku Chiwaya, ndipo ngati ndikufuna kuipeza ikadali ndi nzeru zake ndipite mvula isanagwe.